Tebulo Lobiriwira la Mayi Nyamulani

Akalipentala onse a mumsewu wa kuseri kwa msika ankawadziwa Mayi Nyamulani, ndipo panalibe amene ankakondwa akawaona akubwera. Anthu ena pogula tebulo la panja amasisita pamwamba, kununkhiza vanishi, kuyamikira mtundu wake. Iwowa ayi. Ankaponya chikwama pansi, kulavulira m'manja, kulowetsa phewa kunsi kwa tebulo n'kulikankhira m'mwamba. Likangosuntha, malonda atha. Likakana, ankaitana mwini shediyo.

"Nyamulani," ankatero. Kalipentala akalinyamula, ankamusiya ali chiimire ndi tebulo lake m'manja. Dzinalo linachokera pamenepo.

Sanabadwe ndi misala imeneyi. Ankagulitsa mowa kuseri kwa nyumba yawo, pabwalo la mpanda wa malata, ndipo poyamba anagula matebulo a paini, oyera, opepuka, oti mayi mmodzi akhoza kuwalowetsa m'nyumba mvula ikamabwera. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Loweruka lina masana amuna awiri anayambana, ndipo kanthawi kochepa bwalo lonse linasanduka nkhondo. Tebulo lina linauluka mpaka kugwera kunja kwa mpanda. Lina linathyoka, miyendo yake anthu n'kugawana. Mwendo umodzi unagwera m'manja mwa mng'ono wawo wamwamuna, mlongo wawo yekhayo, amene aliyense ankamutcha Chibakera.

Chibakera anali munthu wa mtima wapachala chibadwire. Akapsa mtima makutu ankatseka, maso n'kufiira, ndipo chimene chili m'manja ndicho chinkamulankhulira. Tsikulo anaswa chibwano cha munthu wina wosoka nsapato. Mano anamwazika pansi. Mayi Nyamulani anawatola okha madzulo ake posesa, atatha kuona mlongo wawo akukankhidwira m'galimoto ya apolisi malaya ali magazi okhaokha.

Amuna awo, amene anali omanga nyumba osati kalipentala, ndiwo anapeza mankhwala ake. Anabwera ndi matabwa a mbawa okhuthala ngati zitseko za sitolo, n'kukhoma tebulo ndi manja awo, mabawuti akuluakulu akutuluka m'mbali. Kunena zoona linali tebulo lonyansa, mbali imodzi yotsika moti kapu inkayenda yokha. Koma amuna anayi ankalephera kulisuntha.

"Zidakwa zako zilinyamule tione," anatero bambowo akupukuta thukuta.

Bambowo anamwalira Chibakera asanatuluke kundende. Tebulo lija linatsala pakona, pansi pa mtengo wa mthunzi, ndipo matebulo onse amene anabwera pambuyo pake anagulidwa ndi phewa. Mabenchi anawamangirira pansi ndi simenti. Mabotolo sankatuluka pakauntala, aliyense ankamwera m'kapu yapulasitiki, ngakhale mphunzitsi wamkulu. Nkhwangwa ndi khasu zinkagona m'chipinda chokiya. Ndewu sizinathe, mowa ndi mowa, koma munthu ankapita kwawo ndi mlomo wotupa osati ndi mutu wong'ambika.

Tebulo lolemera vuto lake n'lakuti silithawa mvula. Limakhala pomwepo, dzuwa kuliwotcha, madzi kulinyowetsa, ndipo limayamba kufa kumiyendo. Mayi Nyamulani ankadziwa zimenezi kuposa matenda a m'thupi mwawo. Mwendo uliwonse unkaponda pa njerwa, osati padothi. Kunsi kwake ankapakako oyilo wakutha wa galimoto kuti chiswe chisayandikire. Mvula ikatha ankakwecha pamwamba ndi sandipepa n'kumwetsa matabwawo mafuta mpaka atakhuta. Penti ankadana nayo.

"Penti ndi bodza," ankauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. "Kunja kuwala, m'kati manda."

Chida chawo chachikulu chinali msomali wautali umene unkakhala m'thumba la epuloni. Ankagwada pa tebulo lililonse n'kubaya miyendo, makamaka polumikizira. Msomali ukalowa mosavuta, mwendowo unkachotsedwa tsiku lomwelo, chifukwa mwendo wogwedera pabwalo la mowa ndi chibonga chimene chikungodikira mwini wake.

Koma tebulo la malemu amuna awo sankalibaya. Ankalipukuta, kulipaka mafuta, nthawi zina kukhalapo okha m'mawa makasitomala asanabwere, koma msomali unkalidutsa. Chaka china mvula itachuluka anaona kanjira ka dothi lofiira kakukwera mwendo wa kumpanda. Munthu amene ankatukwana akalipentala chifukwa cha kamng'alu kochepa anangokapukuta ndi nsanza. Katabwereranso, anapita kusitolo, n'kugula chitini cha penti yobiriwira, n'kulipaka tebulo lonse mokhuthala, kawiri. Ankaopa chimene msomali ukanawauza. Makasitomala anaseka kuti mayi atembenuka mtima, ndipo iwo anawayankha ndi mawu osalembeka.

Chibakera anatuluka ali ndi imvi ndiponso chenjezo la woweruza: akadzangovulazanso munthu, adzakalambira komweko. Analibe kopita, choncho achemwali ake anamupatsa kachipinda ndi ntchito yonyamula makireti. Iwo ankamuyang'anira manja, osati nkhope. Akaona zala zikufumbatana ankamutuma kukatunga madzi. Ankamukonda mwaukali, ndipo mantha awo onse anali amodzi, akuti galimoto ija ingadzaimenso pageti.

Tsoka silinunkha. Linabwera masana dzuwa lili phwee, pakamwa pa dalaivala wina wa lole amene mowa unkamutalikitsa lilime. Anakhala pa tebulo lobiriwira, n'kuyamba kumuitana Chibakera ndi mluzu.

"Iwe mkaidi, tabweretsa ina apa! Kapena mpaka akuimbire belu ngati kwanu kuja?"

Anthu ena anaseka, ena anayang'ana m'makapu mwawo. Chibakera anaika kireti pansi pang'onopang'ono.

"Mlongo, madzi atha kumgolo," anatero Mayi Nyamulani ali pakauntala. "Tapita ukatunge."

"Ndamva, achemwali."

Anatembenukadi kuti azipita. Koma dalaivala uja anamuwaza mowa wotsala kumsana.

"Kasambe kaye, ukununkha ndende!"

Chibakera anatembenuka. Anamudumphira ngati galu amene wadula unyolo. Nkhonya yoyamba inaphwanya mphuno ya dalaivala, magazi n'kuthovoka pamalaya. Dalaivalayo sanali wofooka, anamugunda ndi mutu pachifuwa, onse awiri n'kukagwera pa tebulo lija. Anagubuduzana, kulumana, kukokana makolala, makapu akuuluka. Mpaka pamenepo Mayi Nyamulani ankathamanga koma mtima unali m'malo, poti pabwalo pawo panalibe choti munthu n'kunyamula. Kenako anamva phokoso limene sanalimve kwa zaka zambiri. Khotyo! Tebulo linagwada mbali imodzi, ndipo Chibakera anadzuka ndi mwendo wobiriwira m'manja, bawuti yadzimbiri ili chotuluka kumutu kwake.

Dalaivala anali chagada padothi, manja ataphimba kumaso. Anthu anabalalika. Panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anayandikira, amuna omwe aja amene tsiku lililonse ankasimba za mphamvu zawo.

"Mlongo! Taya!"

Makutu anali atatseka kale. Mwendo unakwera m'mwamba ndi manja awiri. Mayi Nyamulani sanaganize kanthu. Anadzigwetsa pamwamba pa dalaivala wonunkha mowa uja n'kutchinga ndi dzanja lamanja. Thabwalo linali lofumbwa m'kati moti linasweka n'kuwaza fumbi, koma bawuti sinali yofumbwa. Inalowa pansi pa chigongono, n'kuswa fupa, n'kung'amba mnofu mpaka padzanja. Anamva kulira kwa fupa lawo asanamve ululu.

Dalaivala anadzisolola pansi pawo, n'kukwawa mpaka pageti, n'kuthawa osayang'ana m'mbuyo, ndipo sanadzaonekenso. Chibakera anaimirira ndi kachidutswa ka thabwa m'manja, akuyang'ana magazi akuyenderera pa epuloni.

"Achemwali," anatero ndi mawu a mwana. "Achemwali, ndakuphani."

"Usandiphe kawiri ndi phokoso. Vula malayawo umange apa. Mangitsa, chitsiru iwe!"

Anawabereka kumsana mpaka kumsewu waukulu akulira mokweza, bambo wa imvi zake. Kuchipatala adokotala anafunsa chimene chinachitika.

"Tebulo langa linali lowola," anayankha mayiwo mano ali chilumire. "Landigwera."

Adokotala anayang'ana balalo, anayang'ana Chibakera, n'kufunsanso. Yankho linali lomwelo. Wapolisi atabwera kudzazungulira pabwalo, zidakwa zonse zinalumbira kuti zinaona tebulo likugwa lokha. Galimoto ija sinaime pageti. Amati chibale ndi fupa sichiwola, koma palibe amene anawauza kuti fupa lake lidzakhala la dzanja lawo lamanja. Linalumikizana mokhota, zala ziwiri zinauma, ndipo phewa silinathenso kukankha ngakhale chitseko cholimba.

Atatuluka m'chipatala anatsegula chipinda chokiya chija n'kumupatsa Chibakera nkhwangwa. Iye anabisa manja kumbuyo.

"Ndi la alamu limeneli, achemwali."

"Alamu ako anakhoma tebulo loti lisapweteke munthu. Ili ndi langa, ndinalipenta ndine. Dula."

Anadula. Pamwamba panali polimba moti nkhwangwa inkadumpha, koma miyendo inali makoko a penti odzaza dothi ndi chiswe choyera chikuyendayenda. Mayi Nyamulani anaonerera mpaka kumapeto osaphethira. Analira pambuyo pake, ali okha kuseri kwa makireti, ndipo analira mokwiya.

Pakona pansi pa mtengo panafunika tebulo lina. Akalipentala atawaona akubwera dzanja lili m'nsalu anakodolana, poganiza kuti tsopano agulitsa chilichonse. Mayiwo anazungulira shedi yoyamba, nabaya miyendo ndi msomali wa kudzanja lamanzere, n'kuima pa tebulo lina lakuda, lopanda penti. Sanaitane mwini shedi. Anatembenukira mlongo wawo amene ankawanyamulira chikwama.

"Nyamula."

Chibakera analowetsa phewa, nakankha mpaka mitsempha ya m'khosi inatupa. Tebulo silinasunthe.

"Tsopano gwira mwendo. Uzule."

"Achemwali, chonde."

"Ndati uzule! Ngati mmene unazulira uja. Kumbuka mluzu, kumbuka mowa kumsana. Ndikufuna ndione."

Anagwada. Anagwira mwendowo ndi manja awiri, n'kukoka, n'kupotoza, n'kuugunda ndi phewa, misozi ikugwera pa utuchi. Chibakera anakoka mpaka khungu la m'manja linasupuka, kenako anakhala pansi akupuma ngati ng'ombe.

"Wakana, achemwali."

"Yatsala itatu," anatero Mayi Nyamulani.