Magolovesi amene unandilukira

Ilze mnzanga, patha chaka chimwalirire iwe. Lero kwazizira, ndiye podikira basi mumzinda wa Edmonton ndapisa m'thumba la jekete n'kupeza magolovesi amene unandilukira aja. Ndakumbuka tsiku lija pa buleki kuntchito, ukundiphunzitsa kuluka ngati kwanu ku Latvia. Unamasula mizere yonse imene ndinavutika nayo sabata yathunthu, poti inali ndi mipata. "Ciešs," unatero m'chilankhulo chanu, kutanthauza chothina, chopanda mpata. "Mphepo imasakasaka kabowo." Ine ndinapsa mtima n'kuponya ulusiwo m'chikwama. Sindinautulutsenso, ndipo sindinakupepese.

Ndawavala magolovesi ako. Zala zafunda, palibe ndi pamodzi pomwe palowa mphepo. Yalowera pena, Ilze, pamene sunandiphunzitse kuluka.