Masamba Opanda Fungo M'thumba la Mbewu

Ndinapisa dzanja m'thumba Lachiwiri m'mawa. Linatuluka loyera ndi fumbi, anankafumbwe akuyenda pamkono. Mpunga wa mbewu, uja ndinasungira nazale ya chaka chino, unali makoko okhaokha.

Ndinakhuthulira thumba lonse pakhonde. Masamba anali momwemo, a mpungabwi ndi a bulugamu, monga ankachitira malemu mkazi wanga. Ndinawaika ndekha nditakolola. Ndinatola limodzi, kulifikisa, kununkhiza. Palibe kanthu. Ngati udzu wapadenga.

Mvula yayamba kale kugunda kumapiri. Anzanga kuno ku Kaporo akufesa. Ine mbewu ndilibe.

Masana ake mlangizi wa zaulimi anadutsa pa njinga yamoto. Ndinamuimitsa, n'kumuonetsa mbewu yofumbwa ija ndi masamba ake.

"Masambawa munayanika pati, bambo?"

"Padzuwa."

"Limodzi ndi mpunga?"

"Patenti pomwepo."

Anakanda m'mutu. Akuti fungo la tsamba si mpweya chabe. Ndi mafuta, ochepa kwambiri, okhala m'timatumba tosaoneka ndi maso. Mafutawo ndi amitundumitundu, osakanikirana. Ena amathawitsa tizilombo, ena amaletsa chuku. Dzuwa likawomba, amauluka. Tsamba limatsala, mphamvu yapita. Nanji dzuwa la Karonga lino.

Anawonjeza kuti ngakhale mowa wa m'botolo uli ndi zotere. Kuwawa kuja ndi fungo lija zimachokera ku duwa lakunja lotchedwa hopu, ndipo limathandiza kuti mowa usaonongeke msanga. Eni ake amalisunga pozizira, kulibisa ku dzuwa ndi mphepo. Mowawo ndaumwa zaka zambiri. Sindinkadziwa kuti ndikumwa duwa.

"Ndiye masambawa amatetezadi?" ndinafunsa.

"Amathandiza. Sapha zonse ayi. Thumba muziliyang'ana pafupipafupi."

Analiza njinga yake, ulendo.

Tsono ndikufunseni, amuna anzanga. Ndani mwa inu akudziwa chimene chimachitika mpunga ukalowa m'nyumba? Ife timadziwa khasu, ng'ombe, ngalande. Matumba akafika pakhomo timati ntchito yatha, timakasamba. Zotsalazo amachita amayi, osalengeza. Timangoona masamba m'thumba, n'kumati nafenso tikudziwa.

Mlimi wa mpunga chilichonse amayanika padzuwa. Mpunga, chinangwa, usipa, ngakhale matiresi madzi akasefukira. Ndani akanandiuza kuti tsamba lokha limafuna mthunzi?

M'nyumba muno mulibe wondiuza. Ana ali ku Mzuzu, wina ku Lilongwe. Amaimba foni Lamulungu, kufunsa ngati ndamwa mankhwala a miyendo. Za masamba sadziwa. Iwo mpunga amaudziwa wa m'sitolo, wopetapeta kale.

Si ine ndekha. Amuna ofedwa tilipo ambiri, kungoti sitikambirana. Tsiku la maliro bwalo limadzaza. Kwaya imaimba, akulu ampingo amalangiza. Kenako onse amapita. Palibe amene amakuuza kuti mayiwa apita ndi zinthu zimene sizinalembedwe paliponse. Umazizindikira wekha, chimodzichimodzi, tsiku limene chaonongeka.

Wina ati, mankhwala aufa a kusitolo bwanji? Alipo, sindikukana. Amene angathe agule. Ine ndikunena za zomera kuseri kwa nyumba, zimene timapondaponda popita kukhola. Zikumerabe. Odziwa kuzigwiritsa ntchito ndiwo akutha. Ana athu aakazi aphunzira kwa yani, poti anachoka ali aang'ono? Nanga aamuna, amene sitinawalole n'komwe kukhala kukhitchini?

Lachinayi ndinawoloka dambo kupita kwa alamu, ang'ono awo a malemu. Chiikire maliro ndinali ndisanapondeko.

Ndinawapeza akupeta.

"Ii, alamu! Njira mwaikumbukira lero?"

"Ndabwera ndi funso."

"Mbewu yafumbwa, eti? Thumba lopanda kanthu lili m'khwapalo lanena kale."

Ananditengera kuseri, kunsi kwa denga kumene dzuwa silifika. Mitolo ya masamba inali lendelende, mitu pansi, youma koma yobiriwirabe. Ndisanaigwire n'komwe, fungo linandilowa m'mphuno mpaka kuyetsemula.

"Mumathyola m'mawa, mame atangouma," anatero. "Mumapachika mumthunzi. Osafikisa mpaka tsiku loika m'thumba. Fungo likatha mumasintha, kuika ena. Akulu anga ndiwo anandiphunzitsa, pakhonde panu pomwe paja. Inu munali kuti?"

"Kumunda."

"Kumunda!" Anaseka pang'ono, kenako anasiya.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndowa ya mpunga. Woyera, wolemera, wopanda bowo ndi limodzi lomwe. Anandilanda thumba, kuthiramo, n'kuponya mtolo umodzi pamwamba.

"Mukafese mawa, mvula sidikira munthu. Musabweze. Pokolola mubwere ndidzakuonetseni ndi manja, poti pakamwa pokha amuna simumva."

Ndinawerama kuti ndimange. Iwo anaima pomwepo, akundiyang'ana.

"Koma alamu, mwaonda. Masiku ano mumadya ndi ndani?"

Ndinamanga mfundo, kuikoka kawiri. Ndinasenza thumba paphewa, n'kutsikira kudambo.