Katapila Wosakhota

Katapila uja ndimamukumbukira mpaka kulemera kwake m'manja. Anali chidole cha pulasitiki yolimba, wachikasu, wa matayala anayi okhakhala ndi chifosholo kutsogolo. Anatuluka m'belo la kaunjika limene amayi anatsegula m'mawa wina wozizira mumsika wa Zingwangwa, atakulungidwa m'jekete la mwana, akununkha fungo lija la zovala zakunja. Amayi anamutembenuza uku ndi uku, anaona kuti galasi lake ndi losweka, n'kundiponyera. "Tenga. Koma mbale zisagone zosatsuka chifukwa cha chimenechi."

Chinali chaka chachiwiri cha matipate, ine ndili Sitandade 6. Masiku amenewo aliyense anali ndi mawu. Anthu ankatsutsana m'minibasi, pampopi, ngakhale pamaliro, ngati akubweza zaka zonse zimene anakhala atatseka pakamwa. Mtundu wachikasu nawo unali ndi tanthauzo lake, moti azimayi oyandikana nafe akandiona ndikukoka katapila wanga ndi chingwe ankandifunsa moseka ngati nayenso wagula khadi la chipani. Anyamata a mumsewu wathu ankaseka zina. Iwo anali ndi magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chachitali, ndipo mtsikana wokoka galimoto kwa iwo inali nthabwala yosatha.

M'nyumba mwathu mokha ndi mmene munali munthu wosalankhula. Anali amalume, achimwene awo a amayi. Kale ankakonza mawailesi ku Limbe, ndipo anthu amati dzanja lawo linali lodalitsika. Tsiku lina, mongosewera, anapanga kachipangizo kamene kankatulutsa mawu awo m'wailesi ya nyumba yoyandikana, n'kumapatsa anthu moni ali kuseri kwa khoma. Wina anakanena kuti akulankhula ndi zigawenga za kunja. Anabwera anthu ndi galimoto, anawatenga ine ndili kumbuyo kwa amayi, ndipo anabwerako nditayamba kale sukulu, osaweruzidwa mlandu uliwonse. Zonsezi ndinazimva nditakula. Panthawiyo ndinkangodziwa kuti amalume anapita kutali ndipo anabwerako ndi manja onjenjemera. Ankakhala pakhonde tsiku lonse atavala chipewa cha ubweya, akuyang'ana phiri la Soche. Wailesi ikatsegulidwa ankadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Nyengo yachisanu itayamba, aphunzitsi athu a sayansi analengeza kuti kumapeto kwa teremu makolo adzabwera kudzaona zimene ana apanga ndi manja awo. Anali bambo wamtali wa kumpoto, wokhala ku Naperi, amene ankatiphunzitsa pansi pa mtengo chifukwa sukulu yaulere inali itadzaza makalasi mpaka pakhomo. Anyamata analembetsa magalimoto awo a mawaya. Atsikana ambiri anati adzaluka madoilo. Atandifunsa ine, ndinayankha kuti ndidzabweretsa katapila woyenda yekha, wopanda chingwe. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mpaka lero sindidziwa kumene ndinawatenga mawu amenewo; ndinali nditangoonapo galimoto ya rimoti kamodzi, pawindo la sitolo m'tauni.

Aphunzitsi sanaseke. Lolemba lotsatira anandiitana n'kundipatsa jumbo. M'katimo munali galimoto ya mpikisano ya mwana wawo, yophwanyika pamwamba chifukwa inapondedwa ndi njinga, pamodzi ndi rimoti yake ya timitengo tiwiri ndi eriyo yotambasuka. "Mtima wake ukadali moyo," anatero. "Thupi ndi limene lafa. Uone chochita."

Amayi atangoona eriyo ija nkhope yawo inasintha. Anandilanda jumbo, anasuzumira pawindo ngati pali wina akutiona, n'kunena motsitsa kuti zinthu za mawaya otere m'nyumba mwawo ayi. Ndinalira. Pomaliza anandibwezera, koma anati ndizikaseweretsa panja, ndipo ndisavutitse nazo amalume.

Panja pake panali pakhonde pomwe paja. Masana aliwonse ndikaweruka ndinkakhala pansi chapatali pang'ono ndi mpando wa amalume, n'kumamasula galimoto ija ndi nsonga ya mpeni. Sindinawapemphe kanthu. Ndinkangolakwitsa pamaso pawo. Ndinkamva maso awo ali pa ine, ndikatukula mutu iwo n'kubwerera kuphiri. Tsiku lina nditatenga lezala kuti ndidule mawaya amene ankandisokoneza, ndinamva mawu otsika, okhala ngati achita dzimbiri.

"Wofiirayo usadule, mwana iwe."

Anasendeza mpando. Anandiuza kuti kabolodi kobiriwira ka m'kati mwa galimotoyo ndi khutu, rimoti ndi pakamwa, mota ndi miyendo. Amayi pochokera kumsika anatipeza mitu ili pamodzi, ndipo anatsitsa mtolo wawo pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwaiwala kale?"

"Sindinaiwale, achemwali. Koma akuti zinthu zinasintha. Tiyeni tione ngati n'zoona."

Amayi analowa m'nyumba, ndipo tinangomva mapoto akugundana kuposa masiku onse.

Vuto linali manja. Amalume anayesa kamodzi kugwira waya pa bolodi, koma zala zinkavina ngati tsamba pamphepo. Anayang'ana manja awowo kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana ine. "Mutu ndi wanga, manja ndi ako," anatero, ndipo zinakhaladi choncho nyengo yonseyo. Chitsulo chowotcherera tinalibe. Anandituma kukafuna chidutswa cha waya wonenepa wa kopa, tinachisongola pamwala, tinachizika m'kamtengo, ndipo ndinkachitenthetsa pambaula. Mtovu wowotcherera tinkausungunula kuchokera m'mabolodi a wailesi zakufa. Fungo lake, losakanikirana ndi utsi wa makala ndi chinyezi cha chiperoni, ndikalimva lero ndimabwerera pakhonde paja. Ndinapsa pachala chachikulu, chipsera chilipobe. Amalume sanandipepese. Anangoti, "Tsopano wadziwa mbali yogwira."

Lero ndimakonza makina a m'chipatala, ndipo ndaphunzitsidwa ndi anthu a mapepala ambiri. Ambiri a iwo anali abwino. Koma palibe amene anandiphunzitsa kudikira ngati munthu uja. Mtovu ukakana kugwira sankalola kuti ndiukakamize. Ankati ndipale waya mpaka awale, nditenthetse malowo, mtovu udzabwera wokha.

Tinaboola mimba ya katapila, tinaikamo bolodi, mota ndi mabatire. Nditakankha kamtengo ka rimoti, mota inalira ngati udzudzu, matayala ananjenjemera, katapila osasuntha. Anali wolemera kwambiri kwa mota yozolowera kagalimoto kopepuka. Anyamata amene anali atasuzumira pampanda wa udzu anathamanga kukafalitsa uthenga mumsewu wonse. Ine ndinafuna kumuponya m'ngalande. Amalume anati mphamvu ndi liwiro sizigona nyumba imodzi, tisankhe. Ananditumiza kwa bambo wina wa kuseri kwa msika amene anali ndi wailesi ya kaseti yakufa. Tinachotsamo timagiya toyera ndi kalamba ka labala, ndipo kwa masiku angapo ndinkalumikiza giya yaing'ono ku yaikulu, kumasula, kulumikizanso, mpaka mano ake anagwirana. Ulendo uno katapila anayenda. Ankayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita kutchalitchi, koma anakwera pa njerwa yogona osaima.

Chifosholo ndi chimene chinatipatsa mkangano wathu woyamba. Rimoti inali ndi timitengo tiwiri tokha: kena kopititsa kutsogolo ndi kumbuyo, kena kokhotetsa. Amalume ankafuna kuti tikonze zokhota, chifosholo chikhale chokongoletsa. Ine ndinakana. Ndinati katapila wosanyamula dothi ndi galimoto wamba, ndipo magalimoto wamba anyamata ali nawo kale. Ndinati titenge mota ya m'kaseti ija, tiilumikize ku mawaya okhotetsa, izikulunga ulusi wosokera nsapato umene uzikoka chifosholo m'mwamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye sadzakhota."

"Asakhote."

Anaseka. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwawo, kuseka kokhala ndi chifuwa m'kati, ndipo amayi amene ankachapa kuseri anabwera ndi thovu m'manja kudzaona chimene chachitika. Nzeru imeneyo inali yanga, ndipo ndimainyadirabe kuposa masatifiketi onse amene ali pakhoma panga.

Kuyambira pamenepo nyumba inasintha pang'onopang'ono. Amayi anasiya kugundanitsa mapoto. Tsiku lina anabwera ndi mabatire atsopano m'thumba la chitenje, n'kuwaika pawindo. Amalume anayamba kumeta ndevu. Anyamata aja anasiya kuseka, anayamba kupempha kuti agwireko rimoti, ndipo ine ndinkawalola mmodzimmodzi, atasamba m'manja. Kunena zoona, ufumu umenewo ndinaudya mopanda chifundo.

Tsiku la makolo linafika kuli dzuwa lozizira ndi mphepo ya fumbi. Amayi sanatsegule benchi yawo kumsika. Anasankhira amalume jekete labwino la m'belo, lotuwa, lalikulu pang'ono m'mapewa. Kanali koyamba kuti amalume atuluke kupitirira mpopi wa mumsewu wathu. Panjira ankayenda m'mbali mwenimweni, ndipo galimoto ikamadutsa ankaima kaye mpaka ipite.

Pabwalo la sukulu aphunzitsi anali atandithirira mulu wa mchenga. Ndinaika katapila pansi, ndinabwerera m'mbuyo kuti aliyense aone kuti palibe chingwe, ndinasolola eriyo. Katapila ananyamuka ndi kulira kwake kwa magiya, analowetsa chifosholo mumchenga, ndipo nditakankha kamtengo kachiwiri ulusi unakokeka, chifosholo chinakwera chodzaza. Ndinamubweza m'mbuyo mchenga uli m'mwamba. Mayi wina anaimba nthungululu. Ana a makalasi ang'onoang'ono anakankhana mpaka kugwetsa tebulo la madoilo. Bambo wina anafuula kuti akhote, ndipo ine ndinayankha mokweza kuti uyu sakhota, amangogwira ntchito. Bwalo lonse linaseka ndi kuwomba m'manja. Aphunzitsi anauza makolo kuti mwana ameneyu asamuchotse pasukulu zivute zitani. Ndinayang'ana amayi. Anali atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Pakati pa makolowo panali bambo wa mnzanga wina wa m'kalasi, wapolisi, amene anabwera atavala yunifolomu chifukwa anachokera kuntchito. Anali munthu wansangala, wa mimba yaikulu. Anadutsa pakati pa anthu, anagwada pafupi nane, anatenga rimoti m'manja mwanga n'kuitembenuza, akugwedeza eriyo ndi chala. Kenako anaimirira n'kufunsa ndi mawu ake aakulu aja:

"Kodi wapanga chimenechi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali nditadikira funso limeneli nyengo yonse yachisanu. Koma ndisanatulutse mawu, amalume anali atafika kale. Sindinaone mmene anadutsira m'khamu lija. Anaima pakati pa ine ndi wapolisiyo, anandikankhira kumbuyo kwawo ndi chigongono, anavula chipewa.

"Ndine, bwana. Ndapanga ndine ndekha. Mwanayu sakudziwa kanthu."

Ndipo anatambasula manja onse awiri kutsogolo, atawagundanitsa pamodzi.

Wapolisi uja anaseka mokondwa, anagwira dzanja limodzi n'kuligwedeza mwamphamvu. Anati dziko likufuna anthu a mitu ngati imeneyi, anafunsanso ngati angawabweretsere wailesi yake imene inasiya kulankhula. Amalume anangoima, dzanja linalo likadali m'malere, mpaka amayi anabwera n'kulitsitsa.

Ine magazi anawira. Ndinanyamula katapila wanga, ndipo ulendo wonse wobwerera kunyumba ndinayenda patsogolo, osacheuka. Chala changa ndi chimene chinapsa. Nzeru ya ulusi inali yanga. Ndipo munthu amene ndinkamukhulupirira kuposa onse anaima pamaso pa sukulu yonse n'kunena kuti sindikudziwa kanthu. Titafika pampopi ndinatembenuka, misozi ili m'maso, n'kuwafunsa chifukwa chimene ananamira. Amayi anandidzudzula kuti ndisalankhule choncho ndi akuluakulu. Amalume anangondiyang'ana, thukuta likuyenderera m'khosi mwawo ngakhale kunkazizira, n'kunena kuti, "Wabwera nafe kunyumba, eti? Basi."

Ndinawakwiyira masiku ambiri. Ndinali mwana wa nthawi yatsopano. Kwa ine munthu wa yunifolomu akafunsa kuti wapanga ndani, ndiye kuti akufuna wopatsa mphoto. Ndinkaganiza kuti amalume andilanda ulemu. Sindikanatha kudziwa kuti iwo, atamva funso lomwelo, anathamangira kudzasenza mlandu.