Bambo Anga, Mwezi ndi Giya ya Kuchipatala

Ndinapita kwathu ku Majaua mu Seputembala ndi ntchito imodzi yokha: kukatenga bambo anga kuti tipite kuchipatala chachikulu ku Milange. Anali atakhosomola miyezi itatu. Mchemwali wanga, amene anakwatiwa mudzi woyandikana ndi wathu, anandiuza pafoni kuti bambo aboola mabowo awiri atsopano pa lamba wawo. Enfermeru, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwathu, anali atalemba kale giya, kalata yowatumiza kukajambulidwa chifuwa. Kalatayo inakhala milungu inayi m'Baibulo la amayi. Bambo ankangoti mawa.

Ndimagwira ntchito ya nyuzipepala ku Blantyre, ndipo anandipatsa masiku anayi, Lachiwiri mpaka Lachisanu. Lachiwiri linathera panjira: minibasi mpaka ku Muloza, kuoloka malire wapansi, shapa (minibasi ya kutsidyako), kenako njinga yamoto. Nditangofika ndinawatengera bambo kuseri kwa nkhokwe, tili awiri, n'kuwachonderera. Anavomera. Lachinayi m'mawa, anatero. Ndinapangana ndi wa njinga kuti adzatitenge.

Lachitatu tinali pabwalo tikupuntha nandolo: bambo, amayi, ine ndi amalume awiri, alongo awo a amayi. Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi. Bambo anachokera ku Molumbo ali mnyamata, ndipo m'mudzi muno amangamo nyumba zitatu. Komabe minda ndi ya kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo pa nkhani za banja amalankhula ndi amalume. Mkamwini amamera imvi adakali mlendo. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana.

Cha m'ma naini m'mawa mwezi unkaonekabe kumadzulo, wotuwa, wodyeka mbali imodzi. Amalume aakulu anauloza ndi ndodo yopunthira.

"Pa wailesi akuti Aamereka akufuna kubwererako uko."

"Abwerera bwanji kumene sanafikeko?" anatero bambo, osadzutsa mutu.

"Alamu, mwayambapo!"

"Galimoto imakanika kufika ku Molumbo mvula ikangogwa kawiri, ndiye munthu akaponde apo? Anajambulira kuseri kwa nyumba zawo amenewo."

Onse anaseka. Kunali kucheza chabe, ndipo ndikanangoseka nawo. Koma kuntchito kwathu anatiphunzitsa kuti nkhani yolakwika isadutse patebulo pako osaikonza. Ndinaika ndodo pansi.

Ndinawauza kuti anthu anatera pamwezi koyamba mu 1969, komaliza mu 1972, ndipo amene anapondapo onse pamodzi ndi khumi ndi awiri. Anabwerako ndi miyala imene akatswiri a maiko ena anaiyeza. Anasiyako timagalasi timene mpaka lero amationika kuchokera pansi pano. Amalume aang'ono anafunsa za mbendera imene imaoneka ngati ikuuluzika kumalo kopanda mphepo. Ndinayankha kuti inali ndi kachitsulo pamwamba koitambasula. Ndinawonjezera kuti Arasha, amene anali pa mpikisano ndi Aamereka ndipo ankatsata ulendo wonsewo, sanatsutse.

"Iweyo unaliko?" anafunsa bambo.

"Ndinali ndisanabadwe, Ababa."

"Ndiye waona chiyani?"

"Zithunzi zilipo zambiri. Mafilimu alipo."

"Zithunzi." Anakhosomola nthawi yaitali, tonse tikudikira. Atapuma anafotokoza nkhani imene ndinali ndisanaimvepo.

Pa nthawi ya nkhondo banja lathu linathawira ku Malawi, kumsasa wa othawa kwawo kufupi ndi Muloza. Ine ndinali wa zaka zitatu. Tsiku lina kunabwera mzungu wa kamera ndi womasulira wake. Anasankha bambo chifukwa anali aatali ndi oonda. Anawauza kuti avule nsapato ndi jekete, akhale pansi pafupi ndi mphika wopanda kanthu, anyamule mwana.

"Ndinakunyamula iwe," anatero bambo. "Anati ayi, ameneyo ngonenepa. Anakuchotsa, n'kundipatsa mwana wa eni ake wa ku Morrumbala. Patapita miyezi ndinadziona ndili pakhoma la ofesi ya msasa. Womasulira uja anandiwerengera mawu a pansi pake: bambo ndi mwana wake. Ndiye usandiuze za zithunzi. Ine ndinakhalamo m'chithunzi."

Pamenepo m'pamene ndinayenera kukhala chete. Koma ndinaona kuti mfundo yawo ili ndi bowo, ndipo pakamwa panga panafulumira.

"Ababa, kuti inu munavomera kunamiza anthu pa chithunzi chimodzi sindiye kuti dziko lonse ndi labodza."

Amalume aang'ono anawomba m'manja. "Mwamva, alamu? Mwana wathu ameneyo! Nzeru zimenezi n'zakuno, si za ku Molumbo ayi."

Amalume aakulu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi anasiya kupeta, lichero lili m'manja. Bambo anadzuka, anasasa makoko a nandolo pa buluku, n'kunena kuti akukaona mbuzi. Mbuzi zonse zinayi zinali pomwepo, zomangidwa pamtengo wa mango.

Masana amayi anandiitanira kukhitchini. Sanakweze mawu.

"Ukudziwa chimene anavulira nsapato? Womasulira uja anati amene ajambulidwe dzina lake likhala patsogolo polandira mabulangeti. Kunali kuzizira kwa Juni, msasa uja uli pansi pa phiri. Bulangetilo unafunda ndiwe."

Anasonkhezera moto, n'kupitiriza.

"Abambo ako ukafuna kuwatsutsa, uziwatsutsira kuseri, monga unachitira dzulo. Pamaso pa alongo anga alibe munda, alibe mawu. Anali ndi iwe basi. Akamapita kutchalitchi amanyamula nyuzipepala yako, ngakhale Chingerezi sachiwerenga."

Lachinayi wa njinga anafika sikisi koloko. Bambo anali atalawirira kudimba, ulendo wa theka la ola kutsikira kumtsinje. Ndinamuuza wa njingayo kuti adikire, ndinawatsatira. Ndinawapeza akuthirira mpiru ndi kheni. Ankati akathira mzere umodzi, aime, agwire m'chiuno, apume. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere.

"Ababa, ndinalakwa."

"Unalakwa chiyani? Zaka zako zija zinali zolondola, si choncho?"

"Ndinalankhula mopanda ulemu."

Anapita kukatunganso madzi. Ndinkamva nthawi ikutha, ndipo ndinkadziwa kuti ku Milange ukafika mochedwa mzere wojambulitsa umakhala utatalika. Ndiye ndinachita chinthu chimene sindinachitepo pa ntchito yanga.

"Ndaganizira usiku wonse. Mwina mukunena zoona. Mwina sanapiteko."

Anaika kheni pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzulo unali ndi miyala, magalasi, Arasha. Lero wazitaya zonse kuti ndikwere njinga?"

"Ababa..."

"Tamvera. Kumeneko akandionetsa chithunzi chakuda chokhala ndi nthiti. Dokotala akalankhula Chipwitikizi chake chothamanga, iwe uli pambali kumasulira. Ndikadziwa bwanji ngati ukundiuza zimene zili m'chifuwa mwanga, kapena zimene ukufuna kuti ndimve? Dzulo unandichititsa manyazi, koma unkanena zimene umakhulupirira. Lero ndiye wandiopsa."

Ananyamula kheni n'kupitiriza kuthirira. Ndinakhala chigwadire mpaka mawondo ananyowa. Nditabwerera kunyumba, wa njinga anali atapeza munthu wina wa matumba a nyemba, wapita.

Lachisanu ndinabwerera ku Blantyre. Bambo anandiperekeza mpaka pamsewu, monga amachitira nthawi zonse, anandifunira ulendo wabwino, ndipo za chipatala sitinatchule.

Papita milungu isanu tsopano. Ndawerenganso zonse zokhudza maulendo apamwezi, ndipo palibe chimene ndinaphonya pa zimene ndinanena pabwalo paja. Ndawerenganso za chifuwa chachikulu, ngakhale palibe amene watsimikiza kuti ndicho. Chimachizika munthu akamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Akachedwa chimawononga mapapo, ndipo amapatsira amene amagona nawo nyumba imodzi. Amayi amagona chipinda chimodzi ndi bambo.

Ndikaimba foni amayankha ndi amayi. Amandiuza za nandolo, za mbewu, za mitambo imene yayamba kusonkhana. Mvula ikayamba, msewu wa kwathu umasanduka phala, ndipo ngakhale njinga zamoto zimakana. Bambo ndimawamva ali chapatali, akukhosomola. Foni salandira.

Sabata yatha mchemwali wanga anandiimbira ali kunja kwa tchalitchi. Anati wakhala akupita kudimba kukawathandiza bambo kuthirira, osatchula kanthu, ndipo tsiku lina anayamba okha nkhani ya chipatala. Akuti akapita, apita ndi iye. Ine ndisabwere, ndipo zimene akapeze kumeneko asandiuze.

Ndinamuuza kuti awauze kuti ndavomera zonse. Anawauza. Mpaka lero sanapite.