Mmene Tinaikira Maliro a Dothi Lakuda

Ku koleji ya zaulimi ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Kenako ine ndi mayeso tinasiyana mwamtendere, ndipo ndinabwerera kwathu kumapiri a Dowa ndi buku limodzi la zanthaka. Anthu anayamba kunditchula kuti alangizi. Sindinatsutse.

Ndinapeza munda wa amayi utasanduka chidzenje chofika m'chiuno. Okonza msewu anakumbamo dothi la nsangalabwi n'kupita osatsanzika. Anasiya milu iwiri: wa dothi lakuda lachonde m'mphepete mwenimweni mwa dzenje, ndi wa dothi lofiira lamiyala, limene iwo eni analikana, chapatali pang'ono. Amayi analibe munda wina. Atsibweni, omwe mawu awo pa malo a banja ndi omaliza, ananena kuti chimanga chikapanda kubereka pamenepo chaka chomwecho, malowo awapereka kwa woumba njerwa wa ku Mponela.

Ndinatsegula buku. Linanena momveka kuti lofiira lipite pansi, lakuda pamwamba, udzu wa vetiva m'mbali. Amayi anaphika thobwa n'kuitana anthu oti atithandize. Amene anabwera ndi mafosholo ndi mawilibala anali adzukulu, okumba manda kwathu, poti palibe wodziwa dzenje kuposa iwo. Ndinawafotokozera kwa ola lathunthu, mawu ena m'Chingerezi kuti aone kuti nkhaniyi si yamasewera. Anagwedeza mitu mwaulemu, ngati mmene amachitira abusa akatalikitsa ulaliki kumanda.

Kenako ndinaona kuti ntchito yotere singayende popanda pulani yosindikiza. Ndinakwera kabaza wa ku Mponela. Kumeneko magetsi anali atazima, ndipo poti munthu wophunzira sabwerera ndi pepala lolemba pamanja, ndinadikira kwa mnzanga masiku atatu.

Pobwera ndinapeza dzenje kulibe. Adzukulu anagwira ntchito monga amagwirira nthawi zonse: anayamba ndi mulu wapafupi. Lakuda lonse linapita pansi, lofiira pamwamba. Mzere uliwonse anaupondaponda ndi mapazi mpaka kulimba ngati pakhonde, ndipo pakati anakwezapo kamtumbira kosalala bwino, kuti mvula ikabwera pasatitimire. Kunena zoona sindinaonepo ntchito yaukhondo chotero.

Ndinafunsa mkulu wawo kumene kunali dothi lakuda lija. Anavula chipewa, naloza pansi ndi mpini wa fosholo.

"Alangizi, musadere nkhawa," anatero. "Ife chimene takwirira sichinadzukepo. Funsani aliyense."

Amayi anagwetsa khasu kamodzi, khasu linalira ngati lagunda chitsulo. Kenako anandifunsa ngati pepala ndinabwera nalo. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anakulungiramo mbewu ya nandolo.

Tinadzala ndithu. Vetiva anamera, poti ameneyo sasankha. Chimanga chinafika m'mawondo, chinachita chikasu, n'kumasula pomwepo ngati chikufuna kuthana nazo msanga. Tinakolola dengu limodzi, losadzaza.

Atsibweni sanachedwe. Anabwera ndi woumba njerwa uja pa njinga yamoto, atavala jekete la kutchalitchi. Amayi anakhala pa mzere, khasu lili pamiyendo, osapereka ngakhale moni. Mlendoyo anatapa dothi, analinyowetsa ndi madzi a m'botolo, nalifumbata. Atatambasula dzanja linangoyoyoka. Anayesa pakona ina, kenako ina, mpaka anakwera pa kamtumbira paja n'kudumphapo.

"Akulu, mwandiyendetsera chiyani?" anafunsa atsibweni. "Apa palibe njerwa, ndi miyala yokhayokha. Anachita zimenezi ndani?"

Atsibweni anandiloza ndi mlomo. Mlendoyo anandigwira chanza, akuti ntchito yoononga malo mofika pamenepo imafuna sukulu. Anachoka yekha, atsibweni anabwerera wapansi, ndipo nkhani yopereka malowo sinamvekenso.

Munda unatsala wa amayi, poti panalibenso wina woufuna. Kuyambira pamenepo, mwezi wa Okutobala uliwonse amakumba timaenje totalika ngati mkono mpaka dothi lakuda litaoneka, amalitulutsa ndi mbale yakale, kusakaniza ndi manyowa a mbuzi, n'kudzalamo mbewu zitatu. Chaka chilichonse amaonjezera mizere ingapo. Pano afika theka la munda, ndipo m'thekalo chimanga chimandipitirira mutu. Ine ndimakankha wilibala ya manyowa. Pothira amandilozera okha.