Che Rashidi Anasankha Matayala ndi Chala

Ine ndine Kondwelani, ntchito yanga ndi kumata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Insaca. Shikola ndinaisiyira kalasi yachitatu, ndipo tsiku limene ndinasiya, amene anasangalala kwambiri anali aphunzitsi. Choncho musayembekezere kuti ndilankhula za galimoto ngati makaniko. Ndilankhula za mnzanga, Che Rashidi Bwanausi wa kunyanja ya Chiuta, ndi matayala anayi amene anamuchotsa pamudzi. M'nkhaniyi muli pakamwa panganso, sindibisa.

Tinadziwana tili ana, kutsidya ku Malawi nthawi ya nkhondo, pamzere wolandira ufa. Iye atavala kofiya yomukulira, ine kolona ya amayi m'khosi, tonse miyendo ngati ya kakowa. Titabwerera kuno ine ndinagwira pampu, iye anagwira nkhafi m'bwato la bambo ake. Koma Chiuta ndi nyanja yopanda mtima umodzi. Chaka china imadzaza mpaka m'minda, chaka china imathawa n'kusiya mabwato ali pamatope. Chaka china itathawa, Rashidi naye anathawira ku Joni.

Anakhalako zaka khumi ndi chimodzi, akulondera pageti pa anthu ena. Amayi ake anamwalira iye ali komweko. Kwa anzathu achisilamu maliro sagona, munthu akatsikira kuli chete m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala ataikidwa. Rashidi anaimbiridwa foni anthu akusamba m'manja pochokera kumanda. Atabwera kwawo anandiuza mawu amene sanandilole kuwaseka.

"Akondwe, bambo anga ndidzawaika ndekha, ndi manja angawa. Ku Joni sindidzapondakonso."

Bambo akewo, Che Bwanausi, anali atakalamba, maso atachita ng'ala, tsiku lonse amangokhala pakhonde kumvetsera amene akudutsa. Rashidi ankafuna chinthu chimodzi basi, kukhala pafupi ndi nkhalambayo. Ndipo chimene chikanamudyetsa kuti akhale pamudzi chinali galimoto imene anabwera nayo.

Galimoto yakenso! Anzathu akamachoka ku Joni amabwera ndi malata, mashini osokera, ena ka lole kakang'ono konyamulira chimanga. Iye anabwera ndi yofiira yachijeremani, yofupika, mimba ikukhula pansi, mipope iwiri kumbuyo. Inapangidwira kuthamanga pamsewu wa tala, pomwe ife tala timakamuona ku Cuamba ngati mlendo. Ndinaipatsa dzina loti Mlamba chifukwa cha kukamwa kwake kotambalala ndi kuyenda chokwawa. Dzinalo linagwira mpaka apolisi.

"Che Rashidi, imeneyi mwaigula kuti izisalaza msewu ndi mimba? Boma likulembani ntchito?"

"Inu dziwani za zitsulo zanu zopalasazo," anatero. "Zamoto muzisiye."

Koma munthuyo anali ndi nzeru zake. Amayi ogulitsa nsomba zaziwisi, amene ankatsogoleredwa ndi mayi Rukiya, anali pamavuto ndi shapa, minibasi yathu yakuno. Shapa imaima mudzi uliwonse, kukweza mbuzi, kutsitsa makala, motorista, woyendetsayo, kukapereka moni kwa apongozi ake, ndipo makumba amakafika ku Cuamba maso atalowa m'kati. Rashidi anachotsa mpando wakumbuyo n'kuikamo makolimani, mabokosi aja osungira madzi oundana. Akapemphera m'mawa ankanyamuka, ndipo dzuwa lisanakwiye nsomba zinali pamsika zikadali kunyezimira. Chilimwe chonse zinayenda. Mkazi wake, Safiya, anayamba kuseka mokweza, ndipo Che Bwanausi ankati akamva Mlamba ukubangula kuchokera patali, "Mwana wanga uyo."

Matayala amene galimotoyo inavala kuchokera ku Joni anatha mu Seputembala, mawaya anayamba kusuzumira. Ndiye kumayambiriro kwa Okutobala anandinyamula kupita ku Entre Lagos kwa Che Bakari, amene amagulitsa matayala akaunjika obwera pa sitima yapamadzi. Phazi la Mlamba ndi losowa, si la shapa ayi, ndipo Che Bakari anali ndi mitundu itatu yokha yokwana. Anaigubuduza n'kuindandalika pansi.

"Awa ali ngati amene mwavalawo, ndi a dzuwa," anatero. "Pa tala wouma amagwira ngati ulimbo, koma pamatope muvina nawo chioda. Apakatiwa amati a nyengo zonse. Sapambana pena paliponse, komanso sakuchititsa manyazi. Akumapetowa ndi a mayiko ozizira. Amene anandigulitsa akuti kwawoko misewu imaundana."

Rashidi anagwada n'kutulutsa kamtengo ka machesi, monga timachitira tonse, kuyeza kuzama kwa mano a tayala. Pa loyamba panalowa kamutu kokha. Pa lachiwiri kanalowa pang'ono kuposa apo. Lachitatu linali ndi mano akuya, odulidwadulidwa timizere tambirimbiri, ndipo kamtengo kanamira. Anandiyang'ana, maso akuwala.

Kenako anachita chimene munthu aliyense wobadwira kunyanja amachita. Anthu amenewo sagula kanthu asanadine ndi chala. Nsomba yabwino ukaidina mnofu umalowa n'kubwerera, ndipo chala chawo chinaphunzira zimenezo asanaphunzire kuyenda. Ndawaonapo akudina buledi, matiresi, ngakhale tsaya la mwana wobadwa kumene. Rashidi anadina loyamba, linali gwa. Anadina lachiwiri, gwa pang'ono. Anadina lachitatu, labala inalowa n'kubwerera.

"Ili ndi lamoyo," anatero. "Enawa anauma kalekale. Ili likagwira matope ngati phazi la chule."

Che Bakari anakanda m'ndevu. Ndimuchitire umboni, sanabise kanthu.

"Kufewako ndi kumene kukundikayikitsa, achimwene. Kuno kumatentha. Ndikanakhala ine ndikanatenga apakatiwa."

Rashidi anayang'ananso matayalawo. Ndinaona dzanja lake likuchoka pa lachitatu n'kukagwira lapakati. Analigubuduza uku ndi uku, akuliganizira ndithu. Pamenepo ndi pamene ine, munthu wa machubu a njinga, ndinatsegula pakamwa.

"Che Rashidi, tayala la nyengo zonse lili ngati munthu wopemphera Lachisanu kumzikiti, Lamulungu kutchalitchi. Tsiku lachiweruzo shehe adzati si wanga, abambo mfumu adzati sindikumudziwa."

Anthu amene anali pamenepo anaseka mpaka wina anakhala pansi. Che Bakari nayenso anaseka. Ine ndinamva kukoma, chifukwa nthabwala ikagwira imakoma kuposa nyama. Rashidi anachotsa dzanja pa lapakati.

"Mangani ofewawa," anatero. "Mvula ili pafupi."

Mvula sinali pafupi. Okutobala anatha kumwamba kuli mbee. Novembala anabwera ndi mitambo yabodza, anthu anabzala, mbewu zinapsera m'nthaka. Masana msewu unkatentha moti ngakhale agalu ankayenda m'mphepete. Rashidi sakanaimika galimoto kudikira mvula, nanga akanadya chiyani, komanso sakanayenda pang'onopang'ono atanyamula nsomba zaziwisi. Tsiku ndi tsiku ankathamanga pamiyala yotentha ndi labala imene inapangidwira kuzizira.

Akaima pamtengo panga pobwerera, ndinkamva fungo la labala yopsa. Pansi pankatsala tinyenyeswa takuda ngati ta chofufutira cha ana a shikola. Anandiuza kuti pokhota Mlamba wayamba kudzandira ngati walawa kachasu. Lachisanu lililonse ankagwada ndi kamtengo ka machesi, ndipo sabata iliyonse kamtengoko kankatsala kunja kwambiri. Kenako analeka kuyeza ine ndikuona.

"Mlamba wanu ukugweruka mano usanadye n'komwe," ndinatero tsiku lina, poyesa kumuseketsa.

"Mvula ibwera," anayankha, osandiyang'ana.

Inabweradi, Khirisimasi itadutsa, ndipo inabwera ngati ikulipsira. Inagwa masiku atatu osapuma. Madzi atsopano atalowa m'nyanja nsomba zinachita misala, asodzi anapha zimene anali asanaphe chaka chonse. M'mawa wa tsiku lachinayi amayi a gulu la mayi Rukiya anadzaza makolimani mpaka zivundikiro kukana kutsekeka. Ili linali tsiku limene matayala aja anagulidwira. Koma pofika tsikulo anali atasalala ngati mutu wanga.

Panjira pali dambo la makande, dothi lakuda lija limene likanyowa limagwira munthu ngati lili ndi manja. Rashidi anandiimbira foni dzuwa litakwera pang'ono.

"Iwe Kondwe, bwera ndi khasu."

Akanditchula kuti iwe, ndiye kuti zavuta. Ndinapalasa, pena kunyamula njinga paphewa, mpaka ndinakafika. Ndinapeza Mlamba utakhala pansi ndi mimba pakati pa dambo, matayala akumbuyo akungozungulira ngati mphero yopanda chimanga, akulavulira matope anthu okankha. Tinakumba. Tinaika nthambi, udzu, mphasa ya munthu wina wachifundo. Tayala lopanda mano silinalume chilichonse. Mitambo inang'ambika, dzuwa linatuluka laukali, ndipo pansi pa makolimani panayamba kudontha madzi. Ntchentche sindikudziwa amene anaziuza.

Thirakitala inapezeka dzuwa litapendeka. Anamanga tcheni, anakoka, ndipo tonse tinamva kuti khoo! Pansi pa matope panali mwala. Unang'amba mimba ya galimoto, mafuta akuda anatuluka n'kuyenderera pamwamba pa madzi. Rashidi anaima m'matope mpaka m'mawondo, akuyang'ana mafutawo, manja ali lende.

Amayi aja, amene anali atafika pamalopo atamva za ngoziyo, anatsegula makolimani. Anayesa kutumbula nsomba kuti awambe pomwepo, koma nkhuni zouma zikanachoka kuti pambuyo pa mvula ya masiku atatu? Anasankhamo zochepa, zotsalazo anakhuthulira m'dambo. Palibe amene anatukwana, ndipo zikanakhala bwino akanatukwana. Mayi Rukiya anapukuta manja pachitenje n'kubwera pamene panali Rashidi.

"Che Rashidi, sitikukwiyirani. Mwatithandiza chilimwe chonse. Koma nsomba sizidikira munthu."

Chitsulo chimene chinang'ambikacho sichinapezeke ku Cuamba. Makaniko wina anayesa kuwotcherera, mafuta anapitiriza kudontha, ndipo injini inayamba kugogoda. Amayi anabwerera ku shapa, kenako kunabwera munthu wina wa galimoto yaitali miyendo n'kutenga ntchito yonse. Rashidi anayesa kubwerera m'bwato, koma msana wa munthu amene waima pageti zaka khumi ndi chimodzi sugwirizana ndi nkhafi, ndipo eni maukonde amafuna amphamvu. Mlamba unakokeredwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zinapezamo mthunzi.

Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Che Rashidi, ndine ndinakupusitsani tsiku lija. Dzanja lanu linali pa tayala labwino."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Chala chinali changa, Akondwe. Inu munangochita zimene mumachita."

Sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kunditukwana. Mpaka pano ndimawatembenuza mawu amenewo, mbali zonse amabaya.

Mu Epulo, amene anabwera pamtengo panga anali Safiya. Sanakhale pansi.

"Alamu, mnzanu akunyamuka Lachiwiri. Ntchito ya pageti ija akuti ikadalipo. Iye akuchita manyazi kukuuzani."

"Nanga ababa awauza?"

"Awauza kuti akupita ku Nampula kukafuna chitsulo cha galimoto. Masabata awiri. Nanunso muzinena zomwezo."

Lachiwiri ndinamuperekeza mpaka pachipata cha malire ku Entre Lagos, chikwama chake chili pakaliyala ya njinga yanga, tonse tikuyenda pansi chifukwa anati akufuna kuyenda. Njira yonse ndinkafunafuna nthabwala yoti apite nayo, koma m'mutu munali mbee. Pa chipata anandigwira dzanja.

"Uzikawaona ababa," anatero. "Foni yako isamazime."

Tsopano patha miyezi isanu ndi iwiri. Loweruka lililonse ndimatseka bokosi la zida n'kupalasa kupita kunyanja, nditanyamula shuga pang'ono ndi masamba a tiyi. Che Bwanausi amazindikira kulira kwa tcheni changa ndisanatsike n'komwe. Awonda kwambiri, mawu awo muyenera kuwerama kuti muwamve.

"Akondwelani, chitsulo chija chapezeka?"

"Akufunafunabe, baba."

Amagwedeza mutu, nkhope atalozetsa kumsewu.

"Nampula yakula masiku ano, eti?"

Ine amene ndili ndi yankho pa chilichonse, pamenepo ndimagwada pambali pa njinga yanga n'kuyamba kupopa matayala amene ali ndi mpweya kale.