Lamulo la Manja Poyera

Winston ndi wometa tsitsi ku Chibavi, bambo wa ana awiri aakazi, ndipo wakhala akundimeta kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anabadwira mumzinda uno wa Mzuzu, sukulu anailekezera Fomu 2, ndipo zala zake zinaphunzira zinthu ziwiri: makina ometera, ndi padi, kachipangizo ka mabatani koseweretsa magemu a pakanema. Magemu amene anawakonda ndi a ndewu, omwe anthu awiri amakhala moyandikana, aliyense akulamula womenya wake pa sikirini mpaka mmodzi atagwa. Ine, monga mlaliki wamba, poyamba ndinkaziyesa zachibwana. Chimene chinanditembenuza mtima ndi lamulo limodzi la munthu ameneyu.

Mu 2017 anagula makina a magemu ogwiritsidwa kale ntchito kwa dalaivala wa thiraki wochokera ku Tanzania. Loweruka lililonse, ikakwana wani koloko masana, ankasesa tsitsi pansi, nakankhira mipando kukhoma, ndipo malo ometera ankasanduka bwalo. Kunkabwera aphunzitsi, akabaza, ogulitsa kaunjika mumsika waukulu, ngakhale namwino mmodzi wotuluka ku ntchito. Lamulo lake linali lakuti manja akhale poyera. Palibe ankaloledwa kubisa padi pansi pa tebulo, ndipo wopambana asanadzuke pampando ankayenera kuonetsa wogonja, batani ndi batani, mmene wamugwetsera. Winston ankati munthu womenyedwa osadziwa chimene chammenya sabweranso, koma woonetsedwa amabwera Loweruka lotsatira atatenga mnzake. Ndaona mipingo ikutha chifukwa chosowa nzeru yomweyi.

Mwa amene anaphunzitsidwa motero munali Davie, kalaliki wa boma wochokera ku Dedza, amene anatumizidwa kuno wosadziwa munthu ngakhale mmodzi. Anafika kudzameta, natsalira kudzaonera. Tsiku loyamba kugwira padi ankakanikiza mabatani onse pamodzi.

"Pang'onopang'ono, bwana kalaliki," anatero Winston. "Iyo ndi padi, si chidindo cha ku ofesi."

Anthu anaseka, nayenso anaseka. Kwa miyezi itatu Winston anakhala pambali pake kumuonetsa kutchinga, kudikira, ndi kulanga mdani akalakwitsa. Chaka chisanathe, Davie anali akugwetsa aliyense kupatula mphunzitsi wake.

Utabwera mliri wa Kovidi, anthu analeka kusonkhana. Poopa kuti nkhosa zake zingabalalike, Winston mwiniwake anawaphunzitsa kusewera pa intaneti, aliyense ali kunyumba kwake, natsegula gulu la pa WhatsApp lopanganirana masewera. Gululo linakula mofulumira. Tsiku lina anasiya mutu wanga wometedwa mbali imodzi kuti andionetse foni. Anati anthu adutsa mazana awiri, ena a ku Karonga, ena a ku Lilongwe ndi ku Zomba, ndipo anayamika Mulungu chomene. Ndinayamika naye, pakuti sindinadziwe chimene chinali kumera m'mundamo.

Pa intaneti palibe woona manja a mnzake. Wopambana ankangozimitsa makina, natumiza zithunzi zoseka. Atsopano ankamenyedwa kasanu, n'kutukwanidwa, n'kusowa mwakachetechete. Komanso netiweki ya kumene amakhala Winston imachedwa: munthu adina batani, nkhonya n'kutuluka mdani atalumpha kale. Motero anayamba kugonja kwa anthu amene maso ndi maso sakanamukhudza n'komwe, ndipo iwo, osamuonapo nkhope, anamutcha madala a lumo. Davie, amene nyumba yake ku Chibanja inali ndi intaneti yothamanga, anakwera pamwamba pa onse. Mliri utatha, Loweruka ku malo ometera kunkabwera anthu asanu okha. Ena ankati mvula ya Mzuzu yachuluka, ngati kuti inayamba kugwa chaka chimenecho.

Winston anatsimikiza kuti anthu akaonana nkhope kamodzi, gulu lidzabwerera m'chimake. Anadzandipempha holo ya tchalitchi chathu kuti achititsiremo mpikisano, pakuti makiyi ake ndimasunga ndine. Akulu a mpingo anakana kawiri. Kachitatu ndinawafotokozera za lamulo lija, kuti m'masewerawa wamphamvu amatumikira wofooka, ndipo analola, pokhapokha pasakhale juga kapena mowa.

Anthu makumi asanu ndi limodzi analonjeza pa foni kuti adzafika. Anafika khumi ndi asanu ndi anayi. Winston sanadandaule, anachingamira aliyense pakhomo ndi monire, moni wa Chitumbuka, nawatchula mayina awo enieni, osati a pa intaneti. Davie anafika pa njinga yamoto, atakoleka thaulo laling'ono paphewa. Atakhala pampando anafunditsa thaulolo pa manja ake ndi padi. Winston anamuyang'ana, naganiza kuti mwina ndi lopukutira thukuta.

Ndime yotsiriza ya mpikisanowo, umene Winston ankangouyang'anira, inali ya Davie ndi Esme, telala wa ku Chibavi, mmodzi wa asanu aja amene sanaleke kubwera Loweruka. Esme anali asanasewerepo pa intaneti, ndipo kufika kwake kumeneko kunali umboni wa zonse zimene Winston ankakhulupirira. Analimba ndithu, koma Davie anamugwetsa katatu ndi kamenyedwe kamene palibe anali atakaonapo. Esme anatembenuza mpando, monga anazolowera, nadikira kuonetsedwa. Davie anapinda thaulo lake naimirira.

"Achimwene, khalani pansi," anatero Winston. "Muwaonetse mlongo wathu."

Davie analoza mafoni amene anali kujambula. Anafotokoza, mwaulemu ndithu, kuti mwezi wamawa kuli mpikisano wa pa intaneti ndi anyamata a ku Lilongwe, kuti kamenyedwe kameneka anakakonza yekha kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo akakaonetsa lero, mawa dziko lonse lidzakhala litadziwa kukatchinga. Winston anati mafoni angathe kuzimitsidwa. Davie anati pakamwa pa anthu sipazimitsidwa.

"Inu ndinakubisirani chiyani?" anafunsa Winston.

"Simunandibisire kanthu, madala, ndipo ndimayamika. Koma nthawi imeneyo tinali anthu khumi m'babashopu."

Winston anati ngati zili choncho sangamulengeze kuti ndi katswiri. Davie anayankha kuti mafoni alengeza kale, nagwira Esme chanza, n'kutuluka. Khumi ndi awiri anamutsatira kukamufunsa za mpikisano wa mwezi wamawa. Otsalafe tinasanja mipando, pokonzekera mapemphero a m'mawa mwake.

Lolemba Davie anatsegula gulu latsopano. Ndinali pa mpando wometera pamene foni ya Winston inayamba kuonetsa mayina a otuluka m'gulu lakale, mmodzi pambuyo pa mnzake. Anaitembenuza chafufumimba napitiriza kundimeta. Sindikunena kuti Davie ndi munthu woipa. Mawu ake anali ndi choonadi chake, ndipo gulu lake lero ndi lalikulu kuposa limene Winston analilota. Koma ndikudziwa kuti amene analandira kwaulere anakana kupereka kwaulere, ndipo za ichi adzayankha kwa Wina, osati kwa ine.

Winston anapitiriza kuphunzitsa kwa chaka china. Aliyense amene anamuphunzitsa, akangolimba, ankapita kwa Davie, chifukwa kumeneko n'kumene kunali adani okwanira. Esme anapirira miyezi isanu ndi iwiri, kenaka anabwera yekha kudzatsanzika, nati watopa kumenya anthu atatu omwewo. Winston anamuthokoza ndi yewo, namuuza kuti ayende bwino. Nditayesa kumutonthoza ndi mawu a m'Baibulo a wofesa ndi wokolola, anandiyankha mofatsa kuti, "Adada, wofesa wanu uja ankaitanidwako ku phwando la zokolola. Ine sanandilowetse n'komwe m'gulu."

Mwezi watha, ndili pamzere, kunalowa mphunzitsi wina wachilendo, nafunsa ngati pano ndi pamene amaphunzitsa magemu a ndewu. Anati wamva kuti mwini malo ano ali ndi manja abwino kuposa onse mu Mzuzu. Winston anazimitsa makina ometera, nang'amba kapepala, nalembapo nambala ya Davie.

"Imbani iyi," anatero. "Kuno timangometa."